Dzina Limene Jagoda Anabisa

Loweruka la kumapeto kwa Juni, Jagoda Kulesza anatenga bambo ake pagalimoto kupita nawo ku paki ya masewera ya kunja kwa mzinda wa Lodz. A Zenon anali atavala jekete yawo yotuwa ija, imene ankavala popita ku Misa ndi kumanda kwa mkazi wawo basi. Chimwalirireni mayi Halina zaka ziwiri zapitazo, mkuluyu ankangokhala pawindo n'kumayang'ana mabasi odutsa. Koma atamva kuti m'pakimo atsegula malo odyera ofanana ndi a nthawi imene iwo anali anyamata, ananena okha kuti tsiku la dzina lawo, lokumbukira woyera mtima amene anatengako dzina, akalikondwerera kumeneko.

Njira yonse amene ankayankhula anali a Zenon. Jagoda ankangovomera, mtima uli kwina. Ataimika galimoto anasuzumira pa foni napeza mauthenga awiri. Woyamba unali wa Borys, chibwenzi chake cha chaka chathunthu chimene bambo ake sankachidziwa.

“Ndafika kale. Ndinagula maluwa, kenaka ndawasiya m'galimoto poti munthu wokumana naye mwangozi sayenda ndi maluwa. Ukundichititsa sewero, mkazi iwe.”

Wachiwiri unali wa Ludwik, mwana wa anansi awo.

“Bambo ako andiitana. Tionana konko.”

Ludwik ndiye ankanyamula mayi Halina pamasitepe nthawi imene ankadwala, ndipo a Zenon ankamutchula kuti mkamwini ngakhale pagulu. Ludwik anali atamufunsira Jagoda kawiri. Maulendo onse awiri Jagoda anachita manyazi kukana munthu amene anawathandiza pamavuto, nangoti amupatse nthawi. Nthawiyo inali itakwana zaka ziwiri.

“Bwanji nkhope yagwa?” anafunsa a Zenon akulimbana ndi lamba wa mpando.

“Dzuwali, Ababa. Tiyeni.”

* * *

Jagoda anakumana ndi Borys pa ukwati wa mnzake, pamene mnyamatayo anamuponda diresi povina n'kupepesa mpaka nyimbo itatha. Dzina la bambo ake linali Wrona, koma a Wrona ndi ambiri m'dziko muno, ndipo Jagoda sanaganize kanthu. Zinadziwika miyezi itatu yapitayo, tsiku limene Borys anapita naye kwa makolo ake ku Piotrkow. Pakhoma la pabalaza panali chithunzi cha anyamata ataima pageti la fakitale ya nsalu. Chithunzi chomwecho chinali m'kabati ya a Zenon kunyumba, kungoti chawocho nkhope imodzi anaichotsapo ndi lezala. Nkhope imeneyo inali ya mkulu amene ankamuthirira msuzi m'mbale uku akumuti mwana wanga: a Roman Wrona.

Jagoda anakula akumva dzina limenelo likutchulidwa ngati malovu olavula. Tsikulo sanadikire kuti amufunse kuti ndi mwana wa yani. Ananama kuti mutu wamugwira, nachoka chakudya chisanathe. Jagoda sanamuuze Borys kanthu. Bambo akenso sanawauze kanthu. Anadzinyengerera kuti Borys ndi a Zenon akangoonana kaye n'kukondana, dzinalo lidzapepuka lokha. Ndiye anakonza zoti Borys atulukire pa nkhomaliro ya lero ngati mnzake wongodutsa, namuuza kuti bambo ake ndi munthu wovuta, amafunika kuwalowa pang'onopang'ono.

* * *

Malo odyerawo anali kuseri kwa sitima ya m'malere, moti mfuu ya anthu okwera inkalowera pamawindo. A Zenon atangoponda pakhomo anaima njii. Matebulo anali oyalidwa mapulasitiki a timabokosi tofiira, masupuni ake opepuka aja atawamangirira kutebulo ndi unyolo. M'mashelefu munalibe china koma mabotolo a viniga ataima pamzere. Pa bolodi la zakudya, theka la maina anali atalikhwatcha ndi choko.

Mayi woperekera zakudya, wovala kachipewa koyera, sanawalonjere. Anawafunsa chimene akufuna nkhope ili gwaa, ndipo a Zenon atatchula nyama yankhumba anawayankha kuti yatha dzana, adye zimene zilipo kapena apatse malo anzawo. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

“Ndi momwemu, Jagoda. Momwemu ndithu. Amayi ako ndinawapeza pamalo ngati ano, akukangana ndi mayi wonga ameneyu chifukwa cha msuzi wozizira.”

Anapukuta m'maso ndi chala. Kuseka kotero Jagoda anali asanakumve chichitikireni maliro, ndipo m'malo momusangalatsa kunamubaya. Anaona ngati wabweretsa bambo ake pamsampha atautchera maluwa.

Ludwik anafika atapesa bwino, atanyamula botolo la mphatso. Anapsompsona Jagoda patsaya nakhala pambali pake ngati mpandowo ndi wake kalekale. Msuzi wa tomato utangofika, Borys anatulukira pakhomo. Sewero silinkamukhala: anadabwa mopitirira muyeso, nagunda mpando, makutu ali psuu. Jagoda anaimirira nati uyu ndi mnzake Borys, ndipo a Zenon, amene tsikulo akanaitana ngakhale mlonda wa pageti, anamuuza kuti akoke mpando.

Sipanatenge nthawi. Borys anafunsa za wailesi yakale imene inali pashelefu, a Zenon namufotokozera mmene ankaimenyera khofi kuti iyankhule. Anafunsa ngati masupuni ankamangidwadi, mkuluyo nalumbira kuti kwina foloko inali imodzi ya anthu anayi. Mapierogi, timikate towiritsa toika nyama m'kati, atafika, a Zenon anachotsa awiri m'mbale mwawo naika m'mbale ya Borys, akuti mnyamata wamtali chonchi sangakhute ndi asanu ndi limodzi. Jagoda anaona mmene bambo ake ankayang'anira iye, kenaka Borys, kenaka iyenso. Anali atazindikira, ndipo sanakwiye.

Ludwik nayenso anaona. Anapukuta pakamwa mosafulumira.

“Pepani achimwene, dzina lija sindinalimve lonse. Borys ndani?”

Mmene anafunsira, Jagoda anadziwa kuti yankho ali nalo kale. Borys anatsegula pakamwa, koma Jagoda anamutsogolera.

“Lis,” anatero. “Ndi Borys Lis.”

Limenelo linali dzina la kwawo kwa mayi ake a Borys. Linangotuluka lokha, losaganizira. Borys anatembenuka namuyang'ana, foloko ili m'malere. Jagoda anagwetsa maso m'mbale. A Zenon sanaone kanthu. Popeza kwathu kuno lis ndi nkhandwe, iwo anaseka nati basi nkhuku yawo imodzi yomweyi ayambe kuitsekera msanga.

Ludwik anamwetulira pang'ono. Analoza mabotolo a viniga aja nati achinyamata amaona ngati masiku amenewo anali a nthabwala zokhazokha, bwanji bambo Zenon awauze alendowa za chaka chija anawatengera apolisi.

“Ludwik, lero ndi tsiku lachisangalalo,” anatero Jagoda.

“Asiyeni amve,” anatero a Zenon. “Si chinsinsi.”

* * *

Anaifotokoza monga ankaifotokozera nthawi zonse, maso ali patambula ya kompoti, chakumwa cha zipatso zowiritsa. Inali nthawi yachisanu, iwo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, atangokwatira kumene. Antchito a pafakitale ananyanyala ntchito, ndipo amene ankatsogolera mobisa anali anyamata asanu ndi atatu. Wina anapereka maina awo. Asanu ndi awiri anatengedwa tsiku limodzi. A Zenon anakhala m'ndende miyezi khumi ndi umodzi, natuluka khutu lakumanzere litagontha, mano awiri atatsala komweko. Mayi Halina anapita padera ali okhaokha m'nyumba yopanda moto.

“Wachisanu ndi chitatuyo tinkadya naye mbale imodzi,” anatero. “Pa ukwati wanga mboni anali iyeyo. Roman Wrona.”

Unyolo wa supuni ya Borys unalira patebulo. Jagoda anafuna kugwira dzanja lake pansi pa tebulo, koma Borys anali atalichotsa.

“Ansembe amati ndikhululuke, papita zaka makumi anayi,” anapitiriza a Zenon. “Koma mlandu suola, mwana wanga. Akadzafa ndidzapita kumaliro ake, kukangoonetsetsa kuti amukwirira bwino.”

Kunja anthu a pa sitima ija anakuwa onse pamodzi. Mawu a Borys anatuluka otsika, aulemu.

“Bambo Kulesza, munamuona akupereka mainawo?”

A Zenon anamuyang'ana kanthawi, osati mwaukali. Anati funsolo ndi labwino, palibe amene anawafunsapo chotero. Ayi, sanamuone. Koma onse anatengedwa, iye yekha n'kutsala, ndipo chaka chisanathe anakwezedwa pantchito n'kusamukira kwina osatsanzika munthu. Atatuluka m'ndende anamulembera kalata yomufunsa, iye sanayankhe. Munthu wosalakwa amakhala chete chotero?

“Ndamva, bambo,” anatero Borys.

Anamaliza mapierogi awiri aja anapatsidwa, pang'onopang'ono, ngati akumeza miyala. Kenaka anaimirira, nagwira chanza a Zenon ndi manja awiri, nawafunira zaka zambiri, napempha kuti akapume mphepo panja. Jagoda anadikira pang'ono, nanena kuti akukasamba m'manja. Linali bodza linanso tsikulo.

* * *

Anamupeza Borys ataima pafupi ndi chigudumu chachikulu chokweza anthu m'mwamba, manja ali m'matumba. Ana ankathamanga mowazungulira atanyamula zibaluni. Borys sanakweze mawu, ndipo Jagoda akanakonda akanamukalipira.

“Unadziwa liti?”

“Tsiku lija tinapita kwanu. Ndinaona chithunzi pakhoma.”

“Mutu uja.”

“Eya.”

Borys anagwedeza mutu. Anati mayi ake mpaka lero amafunsa ngati mtsikana uja anachira, ndipo bambo ake anamusungira botolo la uchi kuti adzamupatse akadzabweranso. Jagoda anayesa kufotokoza kuti ankaopa, kuti bambo ake atsala ndi iye yekha, kuti ankafuna ayambe amuona Borys monga munthu asanamve dzina lake. Mawuwo ankamveka opepuka ngakhale m'makutu mwake momwe.

“Ukanandiuza ine,” anatero Borys. “Ndikanasankha ndekha kubwera kapena kusabwera. Koma wandikhazika patebulo, ndadya chakudya cha m'mbale mwa munthu, ndikumumva akulakalaka maliro a bambo anga. Ndipo dzina langa wandivula pamaso pa anthu ngati malaya akuda.”

“Ndalakwa, Borys.”

“Ukanati undiuze liti? Ku tchalitchi, wansembe akuwerenga?”

Misozi inali itayamba kutsika, ndipo Jagoda sanaipukute poona kuti alibe ufulu woti wina amumvere chisoni. Anafunsa ngati Borys akukhulupirira kuti bambo ake anachitadi zimenezo. Borys anati sakudziwa. Munthu amene amamudziwa iye ndi wolima tomato, woopa ngakhale kupha mbewa, amene sanatchulepo za fakitaleyo ngakhale kamodzi. Ndipo kusatchulako ndi kumene kunkamuopsa tsopano. Anatulutsa foni m'thumba.

“Usandilondole,” anatero, nalowera cha kumpanda kumene kunalibe phokoso.

* * *

Ludwik anamupeza Jagoda atakhala pabenchi. Anaima chapatali, mphamvu zija anali nazo patebulo zitamuthera. Anavomera yekha kuti dzinalo analidziwa sabata ziwiri zapitazo, ataona awiriwo atagwirana manja mumsewu n'kufufuza. Jagoda anamufunsa ngati wakhutira.

“Ayi,” anatero Ludwik. “Ndimaganiza kuti ndikondwa. Koma iwenso, Jagoda, zaka ziwiri ukundiuza kuti ndikupatse nthawi. Ndakana anthu chifukwa cha iwe. Amayi anga anasunga ndi nsalu ya makatani a nyumba yathu.”

Jagoda anafuna kumuda, koma sizinatheke. Mapanga awiri anali atamuvumbwitsa, ndipo amene ananyowa kwambiri sanali iye.

“Sindidzakwatiwa nawe, Ludwik. Ndikanakuuza tsiku loyamba lomwe. Undikhululukire.”

Ludwik anayang'ana nsapato zake nthawi yaitali. Kenaka anati lero sawauza a Zenon, ndi tsiku lawo. Koma iye sangamalowe m'nyumba mwa mkuluyo, kumwa tiyi wake, akudziwa kuti akupusitsidwa. Lamlungu la sabata yamawa likadzadutsa Jagoda asananene, adzanena ndi iyeyo. Anapempha Jagoda kuti amutsanzikire kwa mkuluyo, nalunjika kugeti osacheuka.

* * *

A Zenon anatuluka m'malo odyera aja jekete ili paphewa, nkhope ikuwala. Anali atajambulitsa chithunzi ndi mayi wolusa uja, amene kunja kwa ntchito anapezeka kuti ndi munthu wansangala. Anakhala pabenchi pambali pa mwana wawo nafunsa kumene anyamata apita. Jagoda anati Ludwik wathamangira kunyumba, Borys akuimba foni. Anayamika mumtima kuti zimenezo zokha zinali zoona.

Mkuluyo anasisita bondo.

“Ndine wogontha khutu limodzi, koma maso ndili nawo onse,” anatero. “Ludwik ndi mwana wabwino, ndipo ndinakukakamiza. Ndimaopa kuti ndikafa utsala wekha. Koma mmene umamuyang'anira wamtaliyu, amayi ako ankandiyang'ana choncho. Akanamukonda, Halina.”

“Ababa, pali zimene ndiyenera kukuuzani.”

“Ndazidziwa kale, usavutike. Umuuze abwere ndi makolo ake Lamlungu la sabata yamawa. Ndiphika ndekha. A Lis amenewa tiwaone.”

Jagoda anatsegula pakamwa. Dzinalo linafika palilime, koma bambo ake anali akumwetulira ngati mwana, mano awiri osowa aja akuonekera, ndipo mtima unamulephera. A Zenon anamusisita pamutu, nati aona pogulitsa ayisikilimu wa makina ngati wakale uja, adikire pomwepo. Anapita akuimba kanyimbo chapansipansi.

Borys anabwerera iwo atangolowa pamzere. Nkhope yake inali itasintha. Mkwiyo uja unali utachoka, m'malo mwake muli chinthu china chimene Jagoda sanachikonde: ankamuyang'ana momumvera chisoni. Anakhala pabenchi, osati pafupi kwambiri.

Anati wayankhula nawo bambo ake. Atangotchula dzina la Zenon Kulesza, a Roman anayamba kulira. Chinali chinthu chimene Borys sanachimvepo chibadwire. Sanakane kuti anali mnzawo. Sanakane kuti kalata ija anailandira n'kusaiyankha.

“Koma akuti maina aja sanapereke ndi iwo,” anatero Borys.

“Aliyense angatero.”

“Ndawauza zomwezo. Akuti amene anapereka anaopsezedwa, anauzidwa kuti akatchula enawo munthu wake samugwira, koma apolisiwo anamunamiza. Pambuyo pake anawalembera bambo anga kalata yopepesa, yowapempha kuti asadzaulule, mlanduwo ausenze iwo. Anausenza. Kalatayo akadali nayo.”

“Ndani ameneyo?”

Borys anayang'ana kumene kunali a Zenon. Mkuluyo anali atalandira ayisikilimu atatu, akuyesa kuwagwira onse ndi manja awiri.

“Akuti upite wekha ukaiwerenge, usapite ndi bambo ako. Akuti zilembo zake uzizindikira.” Anatembenukira kwa Jagoda. “Jagoda, akuti anailemba ndi mayi ako.”

Phokoso lonse la m'pakimo linakhala ngati lapita kutali. Jagoda anaona mayi ake ali pakama wa kuchipatala masiku omaliza aja, atagwira dzanja la mwamuna wawo, akubwereza kuti Zenon undikhululukire, iwo onse n'kumati ndi mankhwala akuwabwebwetsa.

A Zenon anafika akuyenda mosamala, ayisikilimu akuchucha m'zala mpaka pamkono wa malaya. Anapatsa Borys woyamba, wamkulu kuposa enawo.

“Landira, mwana wanga, asanasungunuke,” anatero. Kenaka anawayang'ana onse awiri, kumwetulira kukuzilala pang'onopang'ono. “Nanga bwanji inu? Mwakhala ngati mwamva uthenga wa maliro.”